Madzi otsukira utsi wa sitima amawononga chiyani m'nyanja?

Nangula: Akuluakulu, ndithandizeni. Sitima zikuluzikulu zili ndi makina otchedwa scrubber otsuka utsi ndi madzi. Nanga madzi otsukirawo akatayidwa m'nyanja yamchere, zamoyo zam'madzi zimakhudzidwa bwanji? Ena akuti sulufule ali kale m'nyanja, ndiye palibe vuto.

Namondwe: A Nangula, tiyambe ndi chomwe chinabweretsa makinawa. Kuyambira pa 1 January 2020, bungwe la IMO, loyang'anira za sitima zapamadzi padziko lonse, linatsitsa sulufule wololedwa m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5% kufika pa 0.5%, ndipo m'nyanja za ku Ulaya ngati Baltic ndi North Sea malire ndi 0.1%. Koma lamulo limalola kuwotchabe mafuta akuda otchipa aja bola utsi utsukidwe.

Mtundu wofala ndi wa open loop. Pampu imakoka madzi am'nyanja, kuwapopera mu utsi, n'kuwabwezeranso m'nyanja. Mlingo womwe IMO imawerengera ndi matani 45 a madzi pa MWh iliyonse, kutanthauza injini ya mphamvu ya 1 MW ikagwira ntchito ola limodzi. Ndiye injini ya 10 MW imataya matani 450 pa ola, 10,800 pa tsiku. Madziwo amatuluka mu scrubber ali asidi, pH yake (muyezo wa asidi, womwe umatsika asidi akachuluka) cha m'ma 3, pomwe nyanja ili cha m'ma 8. Zoti sulufule ali kale m'nyanja n'zoona, koma madziwa satenga sulufule yekha. Amakokolola mwaye, zitsulo za vanadium ndi nickel, ndi mankhwala apoizoni otchedwa PAH, zomwe zinali m'mafuta kapena zapangika pakuyaka.

Chikombe: Kuwonjezera pa zomwe anena a Namondwe, musayembekezere kuona nsomba zakufa zikuyandama kumbuyo kwa sitima. Zoyamba kuvulala ndi zosaoneka ndi maso: mazira, mphutsi za nkhono ndi za sea urchin (kanyama kam'nyanja kaminga thupi lonse), komanso tizilombo totchedwa copepod. M'malabotale aona kuti ngakhale madziwa atasungunulidwa kwambiri, mazira ena saswa, mphutsi zimakula mopunduka, ndipo ma copepod amalephera kufundula kapena amafa kumene. Amenewa ndiwo chakudya cha tinsomba tating'ono, monga momwe usipa umadalira tizilombo totere ku nyanja kwathu.

Asidi uja amadya carbonate yomwe nkhono zimapangira zigoba. Iyeyu mwina nyanja ikhoza kumuziziritsa, koma zitsulo siziwola. Zimakhazikika m'matope apansi, makamaka m'madoko momwe madzi sayenda. N'chifukwa chake Baltic ili pachiopsezo chachikulu: mchere wake ndi wochepa, mphamvu yolimbana ndi asidi ndi yochepanso, ndipo madzi ake amatenga zaka pafupifupi 30 kuti asinthike. Ofufuza a pa yunivesite ya Chalmers ku Sweden anapeza kuti madzi otere oposa ma cubic metre 200 miliyoni anatayidwa mu Baltic m'chaka chimodzi.

Nangula: Zikomo. Koma malamulo oyezera madziwa kulibe?

Namondwe: Alipo. Pamayezedwa pH, yomwe isatsike pa 6.5, PAH isapose ma microgram 50 pa lita pa mlingo wa matani 45 uja, ndiponso kuda kwa madzi kusapose 25 FNU (muyezo wa kuda kwa madzi) poyerekeza ndi madzi olowa. Vuto lili pawiri. pH imaloledwa kuyezedwa pa mtunda wa mamita 4 kuchokera pa paipi, ndipo sitima zambiri zimangothira madzi ena am'nyanja asanatuluke. Kusungunula kumakweza pH koma nickel wotayidwa amakhala yemweyo. Chachiwiri, zitsulo zilibe malire akeake. Amangodalira kuda kwa madzi, pomwe vanadium wambiri amakhala wosungunuka m'madzi ooneka oyera.

Chikombe: Closed loop ndi yabwinoko, poti imazunguliza madzi omwewo othiridwa caustic soda ndipo zinyalala zimatsitsidwa padoko. Komabe imatulutsa timadzi tochepa tomwe poizoni wake ndi wokhathamira. Singapore inaletsa open loop padoko lake mu 2020. Denmark, Sweden ndi Finland zinaletsa open loop m'madzi awo kuyambira pa 1 July 2025, ndipo za closed loop ziletsedwa mu 2029. Sitima ikalowa m'madzi amenewa, imayenera kusinthira ku mafuta a sulufule wochepa kapena kusunga madziwo m'thanki mpaka ituluke.