Braille kapena foni yolankhula? Ndithandizeni nzeru

Moni nonse pagulu pano. Ndikuphunzira uphunzitsi wa ana osaona, ndipo panopa ndili pa TP (kuyeserera kuphunzitsa) pa resource centre ina ya kumudzi, malo ophunzitsirako ana olumala. Inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi, chonde ndiunikireni.

Ndili ndi mtsikana wa Sitandade 5 amene maso ake akunka nafooka. Buku amachita kuligunditsa pamphuno, ikamakwana 10 koloko misozi ili mbwembwembwe. Ndamuyambitsa braille, zilembo za madontho zowerenga ndi zala, pa slate (kachipangizo kopanira pepala) ndi stylus (kachitsulo koboolera), koma zikumusokoneza, poti pa slate umaboola kuchokera kumanja kupita kumanzere, kenako n'kutembenuza pepala kuti uwerenge. Perkins, makina olembera braille, tili nayo imodzi, ana onse amalandizana, nayonso batani limodzi limakakamira.

Dzana amalume ake a ku Joni anaimba kuti akufuna kumugulira foni ya Android, akuti TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza za pa foni, izimuwerengera zonse. Mayi ake anabwera kudzandifunsa: "Aphunzitsi, odziwa ndinu, tiwayankhe chiyani?" Ndinasowa chonena.

Ndi anzanga a ku koleji tagawanika. Ena akuti braille inatha ntchito, dziko lili pa foni ndi NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mawu pa kompyuta. Ine mtima ukukana. Ndinayesa TalkBack pa foni yanga, Chingerezi imawerenga bwino ndithu, koma itafika pa "ng'ombe" ndi "mphunzitsi" inangopotokola, ana osamva kanthu. Komanso kwawo kulibe magetsi, kutchaja ndi kolipira ku msika. Nanga mwana wongomvetsera adzadziwa bwanji kalembedwe ka mawu? Ndalamazo tiwauze agule chiyani?

Mphunzitsi wa resource centre: Mwafunsa bwino, aphunzitsi. Braille musaisiye. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 adzafuna zala zake, kaya mapepala a zilembo zikuluzikulu ngati maso adzakhale akuonabe. Yambani mwapita naye kuchipatala cha maso, mudziwe ngati vutolo lipitirire. Za slate zisakudetseni nkhawa. Tengani katoni ya mazira, mudule mabowo 6, atatu uku atatu uku, aziikamo miyala mpaka malo a madontho 6 a braille akhazikike m'mutu.

Mayi wosaona: Ine ndikukulemberani pano ndi TalkBack yomweyo, ndiye musainyoze, mwanangu. Ndi imene imandiwerengera mauthenga a ndalama popanda kupempha munthu. Koma sukulu ndinaimaliza ndi zala. Ngati amalumewo ali nayo mphamvu, afunse za Orbit Reader 20. Imatulutsa madontho a braille, mabuku amalowa pa SD card, ndipo imalumikizana ndi foni pa Bluetooth. Mwanayo mwamufunsa mwini wake?

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mayi, mwandigwira pamenepo, mwanayo sindinamufunse. Mawa ndikhala naye pansi tisanawaimbire amalume. Amene munaigwirapo Orbit Reader, batire yake imatha masiku angati? Ikawonongeka imakonzedwa kuti kuno ku Malawi?