Za katundu pa njinga zija, ndabwerako ku Mulanje

Mwezi watha ndinafunsa kuti kodi tenti, zofunda ndi zovala ndizibereke kumsana kapena ndizimange pa kaliyala pochoka mu Limbe kupita ku Mulanje. Ambiri munati kumsana ayi, ndipo munanena zoona.

Wowotcherera wina ku Ndirande anandiwonjezera zitsulo ziwiri m'mbali mwa kaliyala kuti zikwama zisamakhudze masipoko. Zolemera, monga masipanala, pampu ndi chakudya, ndinaziika pansi penipeni, mbali zonse ziwiri mofanana. Tenti ndi zofunda pamwamba. Zomangira ndinatenga malegeni a chubu chakale, momwe amachitira a kabaza. Chingwe chimamasuka njinga ikamadumpha m'maenje, koma mphira imagwirabe.

Ndinadzera ya ku Thyolo, osati ya Midima, chifukwa ndinkafuna kuona minda ya tiyi. Apa mpamene katundu amaulula khalidwe lake. Pa zitunda zodutsa Bvumbwe, kumbuyo kukalemera kwambiri tayala lakutsogolo limapepuka, chiwongolero n'kumagwedera. Ndinasamutsa botolo lalikulu la madzi n'kulimanga pa felemu, zinthu zinasintha pompo. Potsetsereka kulowera ku Luchenza mabuleki amafuna kugwiriratu msanga, njinga yolemedwa siima mwachangu.

Achimwene amene munati zofunda ndizikulunge m'jumbo, zikomo kwambiri, chiperoni chinandipeza ndisanafike pa Chitakale.

Chatsala ndi tayala lakumbuyo, masipoko ena akhwefuka. Alipo akudziwa mmisiri wodziwa kuwongola limu ku Limbe kuno?