Tomato wanga akuola kunsi, Dithane sakuthandiza

Wa ku Mitundu: Alimi anzanga, ndithandizeni. Ndili ndi tomato wa mtundu wa Tengeru kudimba, mbewu 600. Zipatso zoyamba zikuda kunsi, pamene panali duwa. Pamalopo palowa m'kati, pauma ngati chikopa. Wapashopu anandipatsa Dithane, mankhwala a matenda a mbewu, ndapopera kawiri, koma palibe chasintha.

Wa ku Nathenje: Masamba ali bwanji achimwene? Ngati akupsa, n'chiwawu chimenecho. Onaninso timabowo ta Tuta, mbozi zoboola tomato zija.

Wa ku Mitundu: Masamba ndi obiriwira bwino, mwina mopyola. Bowo palibe, ndang'amba zipatso khumi.

Mayi a ku Mpingu: Chiwawu mu Okutobala, dzuwa lake lino? Chija chimafuna chinyezi ndi kamphepo kozizira, ndipo chimayamba kuwononga masamba. Bambo, mukuthirira bwanji, nanga munabereketsa ndi chiyani?

Wa ku Mitundu: Chitsime chatsika mayi. Ndikuthirira pakapita masiku atatu, koma ndikathira ndimathira ambiri. Feteleza ndi Urea wotsala ku chimanga.

Mayi a ku Mpingu: Eya, vuto lili pomwepo. Si matenda amenewo, Dithane musungeni wa dzinja. Chipatso chikusowa kashiamu, mchere wina wa m'nthaka. Kashiamuyo amakwera ndi madzi kuchokera ku mizu, ndiye nthaka ikauma masiku awiri, madzi ochepawo amalandidwa ndi masamba, kunsi kwa chipatso sikufika kanthu. Urea wachulukitsanso masambawo. Zinandichitikira ine, ndinataya madengu atatu n'kumanena kuti wina wandilodzera dimba.

Madzi omwewo agaweni, pang'ono tsiku lililonse, m'mamawa. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde. Pisani chala pansi pa udzupo, dothi lizikhala lonyowa osati matope. Zakudazo thothoni, sizichira. Musalimenso ndi khasu pafupi ndi tsinde, mumadula mizu.

Wa ku Nathenje: Nanga kashiamu wopopera uja? Ine ndimamugula.

Mayi a ku Mpingu: Amathandiza pang'ono chabe, chifukwa wa pamasamba sasamukira m'chipatso. Ngati kathumba kalola, pobereketsa gulani CAN, feteleza wokhala ndi kashiamu, m'malo mwa Urea. Laimu ndi wothira musanawokere, ndipo yambani mwayezetsa dothi ku Chitedze, kumalo ofufuzira za ulimi, mwina kashiamu alimo kale.

Wa ku Mitundu: Zikomo mayi. Udzu ndimweta mawa. Ndiye phava lachiwirili lipulumuka?

Mayi a ku Mpingu: Lomwe likumanga panopa lituluka bwino mukapanda kudumphitsa madzi. Mutitumizire chithunzi pakatha masabata awiri.