VPN pa karauta ikumafa magetsi akangozima, akuluakulu ndithandizeni

Chiko Rosettenville: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi kasitomala ku Kensington ya kuno ku Joni, mayi achikulire anakhala ku UK zaka zambiri, amafuna VPN yotulukira ku London pa TV yawo, kuti pa intaneti izioneka ngati ili ku London. TV ndi Samsung, mukudziwa imayendera Tizen ndiye app ya VPN siilowa, ndinawagulira karauta kakang'ono koyendera sisitimu ya OpenWrt nkuikamo pulogalamu ya VPN ya WireGuard, TV nkuilumikiza pa wifi ya karautako. Masabata awiri zimayenda bhobho. Koma pano magetsi akangozima nkuyakanso basi TV ikumati palibe intaneti pomwe faiba ili bwinobwino mafoni onse akugwira. Ndapitako katatu pa thiransipoti yangayanga, mayiwo ayamba kundiyang'ana ngati ndinawagulitsa mbola

Yamie wa Madishi: Aise unadzivutitsiranji, ukanangowagulira Fire Stick nkuika app momwemo nkhani yatha

Chiko Rosettenville: Ndinawauza man, anakana. Akuti marimoti awiri sangakwanitse, imodzi yomweyo imasowa m'masofa tsiku lililonse 😂

Yamie wa Madishi: Kkkkk ndiye zako zimenezo. Koma ena mukamagula ma stick a second hand muzisamala, Fire Stick yoyambirira ija ya 2014 VPN siigwira olo upemphere usiku onse. Apple TV nayo inayamba kulola ma app a VPN pa tvOS 17 mu 2023, kale kunalibe. LG ndi Hisense ya VIDAA ndi chimodzimodzi ndi Samsung, rauta basi

Tamala: Achimwene faibayo ikulowa ndi PPPoE, njira ija yolowera pa intaneti ndi username ndi password? Ngati ndi choncho onani MTU, malire a kukula kwa packet ya data yodutsa pa mzere. WireGuard imabwera pa 1420 koma PPPoE imadya 8, mzere umakhala 1492 osati 1500, ndiye muyitsitse pa 1412. Ine ku Turffontein inandizunza sabata yathunthu, menu ikutseguka koma filimu ikungozungulira

Chiko Rosettenville: Achemwali zimenezo ndinapanga kale tsiku loyamba, ili pa 1412. Komanso apa sikuzungulira ayi, palibiletu chikudutsa. Ndikayang'ana pa status handshake, moni uja wa karauta ndi seva ya VPN, palibe, ma packet akutuluka koma obwera ziro

Blessings Mayfair: Mwina ISP, kampani ya intaneti, ikutseka UDP yomwe WireGuard imadutsira, tayesa VPN ina ya OpenVPN pa TCP 443

Tamala: Ikanakhala ISP sizikanayenda masabata awiri aja. Ndipo ISP yake iti yomwe imadikira magetsi azime kaye kuti itseke port 🤣 Komanso OpenVPN pa tirauta tating'ono timeneti imalemera, purosesa yake ndi yofooka, spidi imagwa. Netflix pa 4K imafuna 15 Mbps, uwonjezerepo ulendo wa Joni mpaka London, mayiwo adzakuthamangitsa ndi tsache

A Gondwe: Mwana wanga Chiko, tandiuza, maulendo atatu unapitawo unkakonza bwanji kuti ziyambenso?

Chiko Rosettenville: Madala ndimangolowa ndi laputopu, kuzimitsa VPN, kufufuta config, kuikanso yomweyo, kuyatsa. Zimadzuka nthawi yomweyo

A Gondwe: Config yomweyomweyo osasintha kanthu?

Chiko Rosettenville: Yomweyo madala

A Gondwe: Ndiye config ilibe mlandu. Wachiritsa ndi kuzimitsa kuja, osati kufufuta. Ukapitanso usakhudze chilichonse, uyambe wayang'ana kuti karautako kakuti nthawi ili bwanji. Ndikubetcha Fanta kuti wotchi yabwerera m'mbuyo

Yamie wa Madishi: Wotchi ikukhudzana bwanji ndi VPN madala?

A Gondwe: Tirauta tambiri totchipa tilibe batire la wotchi ngati lija la mu kompyuta. Magetsi akazima kamaiwala nthawi, kakadzuka OpenWrt imangotenga deti ya fayilo yomwe inasinthidwa komaliza, mwina dzulo mwina sabata yatha, kenako kamafunsa nthawi yeniyeni pa intaneti kudzera pa NTP. Tsono WireGuard ikamapereka moni kwa seva imaikamo nthawi mu uthengamo, ndipo seva imasunga nthawi ya moni womaliza. Ukabwera ndi nthawi yakale kuposa imeneyo seva imaona ngati wina wajambula moni wakale akuubwereza kuti alowe mwakuba, ndiye imangokhala chete, siyankha olo kukuuza kuti walakwa pati. Anaipanga dala choncho. Ndiye taona msamphawo: iwe unalamula kuti chilichonse chidutse mu VPN, 0.0.0.0/0, ndiye kuti NTP ndi DNS (yosandutsa maina a maseva kukhala manambala a IP) nazonso zikulowa mumsewu womwe sunatseguke. VPN ikudikira wotchi, wotchi ikudikira VPN. Iwe ukafika nkuzimitsa VPN wotchi imapeza mpata nkukonzeka, ukayatsa zikuyenda, nkumadziona ngati katswiri 😄

Tamala: Eee a Gondwe mwandikumbutsa, ndichifukwa chake pa Fire Stick sizichitikachitika, stick imayamba yalowa pa wifi nkutenga nthawi app ya VPN isanadzuke

Blessings Mayfair: Ndiye OpenVPN yanga ija ikanathandiza?

A Gondwe: Mwina, mwina ayi. Iyo imayang'ana madeti a satifiketi, wotchi ikabwerera patali kwambiri nayonso imakana. Kuthawa mvula nkukagwera m'chitsime

Chiko Rosettenville: Ndili pa taxi ndikupita konko, anandiimbira m'mawa kuti zafanso. Ndikuuzani

Chiko Rosettenville: Madala Fanta yanu ndi ya orange kapena pineapple 😭 Karauta kakuti lero ndi Lachiwiri sabata yatha, tsiku lomwe ndinabwera komaliza. Ndangodina batani lotenga nthawi kuchokera pa browser, pasanathe mphindi handshake yabwera, sindinakhudze china chilichonse

A Gondwe: Orange, yozizira. Tsopano konza zenizeni. Sankha seva imodzi kapena ziwiri za NTP, ulembe IP yake osati dzina chifukwa dzina lifuna DNS, kenako uike static route, njira yokhazikika yoti IP imeneyo izidutsa pa WAN, khomo lopita ku rauta yaikulu, osalowa mu VPN. NTP ndi UDP 123, uonetsetse kill switch yako, yodula intaneti VPN ikagwa, sikuitsekera. Ngati rauta yaikulu ya m'nyumbamo imatha kugawa nthawi ndiye kuphweka, ingolozera kwa iyo

Tamala: Ndipo muwagulitse ka mini UPS, kabatire kogwirizira magetsi akazima, achimwene, rauta yaikulu, bokosi la faiba ndi kanuko zonse zikhale pamenepo. Muone kaye mavoteji, zambiri ndi 12V koma tirauta ting'onoting'ono timadya 5V pa USB, musakawotche. Koma route ija muikebe, UPS nayo imatha magetsi akachedwa kubwera, makamaka akaba makebulo

Yamie wa Madishi: China uwauziretu mayiwo asadzakuimbire usiku, TV ikakhala pa London ma app a kuno ngati DStv Stream atha kukana kapena kusintha zoonetsa, Netflix nayo ikazindikira VPN imabisa mafilimu ena. Ndipo makampani ambiriwa malamulo awo salola zodumpha malire, akaunti ndi yawo adziwe okha. Ine ndimasiya ma wifi awiri pa TV, ndimawaphunzitsa kusintha

Chiko Rosettenville: Ndaika route, ndazula pulagi katatu nkudikira mphindi zisanu zisanu, katatu konse yadzuka yokha. Ma wifi ndawatcha wina KUNO wina LONDON ndalemba pa pepala nkumata kuseri kwa rimoti. UPS akuti month end

Blessings Mayfair: Wawatchaja zingati?

Chiko Rosettenville: Ndingatchaje bwanji man poti cholakwa chinali changa. Andipatsa tiyi ndi masikono, ya taxi yobwerera ndawapempha mwaulemu

A Gondwe: Loweruka ndili ku Yeoville pa Rockey, ubwere nayo Fanta ija