Kagalimoto koyendera batire ka mwana wa zaka 4: kodi mota ya waipa ikwanira?

Kholo la ku Area 25:

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kupangira mwana wanga wa zaka 4 kagalimoto koti azikwera ndi kuyendetsa yekha pabwalo la pakhomo, koyendera batire ngati timene timagulitsidwa m'masitolo a m'tauni, koma kopangidwa pakhomo pano, chifukwa mtengo wa togulato sindingaukwanitse, ndiponso sindikukhulupirira kuti matayala ake apulasitiki angapirire pabwalo lathu, lomwe ndi ladothi lokhala ndi timiyala. Mwanayo amalemera makilogalamu pafupifupi 16. Ndili kale ndi mota imodzi ya waipa yochokera pa Toyota Corolla yakale, batire la galimoto la 12V limene likadali ndi mphamvu, matayala anayi a njinga za ana a masentimita 30, ndi zidutswa za paipi yachitsulo zimene zinatsala pokonza geti. Zowotcherera andithandiza mnzanga wa ku Mchesi, koma pa zamagetsi ndikufuna uphungu wanu. Kodi mota imodziyo ingakoke mwana ndi kagalimoto komwe? Kodi batire limeneli ndi loyenera? Nanga mabuleki ndi zobwerera m'mbuyo ndingazikonze motani?

Makaniko wa ku Biwi:

Bambo, ntchito imeneyi ndi yotheka, ndipo mota ya waipa ndi poyambira pabwino chifukwa imabwera ndi magiya ake mkati, amene amachepetsa liwiro ndi kuwonjezera mphamvu yokoka. Mamota ambiri a waipa amazungulira maulendo apakati pa 40 ndi 65 pa mphindi, malinga ndi waya amene mwalumikiza, pakuti amakhala ndi liwiro la mitundu iwiri. Tayala la masentimita 30 likazungulira kamodzi limayenda masentimita pafupifupi 94, choncho likamazungulira maulendo 60 pa mphindi, kagalimotoko kadzayenda mamita 56 pa mphindi, omwe ndi makilomita 3.4 pa ola. Munthu wamkulu poyenda wapansi amatha makilomita pafupifupi 5 pa ola, kutanthauza kuti inuyo kapena amayi ake mudzatha kuyenda pambali pa mwanayo ndi kumugwira popanda kuthamanga. Kwa mwana wa msinkhu umenewo ine sindingafune liwiro loposa pamenepo.

Pamalo athyathyathya mota imodzi ikwanira, koma pamchenga kapena pachitunda idzavutika ndi kutentha. Ndiye musaimangirire mwachindunji ku tayala. Gwiritsani ntchito tcheni cha njinga, muike giya ya mano 16 pa mota ndi ya mano 24 pa tayala. Liwiro lidzatsika kufika pa makilomita 2 ndi pang'ono pa ola, koma mphamvu yokoka idzawonjezeka ndi theka. Chimene ambiri amaiwala ndi chakuti tayala lakumbuyo la njinga limakhala ndi fuliwilo, imene imakoka mbali imodzi yokha. Mukaisiya choncho, kagalimotoko sikadzabwerera m'mbuyo, ndipo pamtsetse kadzathamanga kokha mota itaima. Mnzanu wa ku Mchesiyo aiwotcherere kuti ikhale yolimba ndi tayala.

Yendetsani tayala limodzi lokha lakumbuyo, linalo lizingozungulira palokha pa mabering'i. Pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo pa galimoto yeniyeni ntchito yolinganiza zimenezi ndi ya difu. Mukamanga matayala onse awiri pachitsulo chimodzi, kagalimotoko kadzakana kukhota ndipo mota idzalemedwa pachabe.

Za mabuleki, magiya a mota ya waipa ndi a mtundu umene sulola kuti tayala lizungulitse mota mosavuta, choncho mwana akachotsa phazi pa swichi, kagalimotoko kadzaima kokha. Pa liwiro lochepali zimenezi n'zokwanira. Komabe giya yaikulu yamkatimo nthawi zambiri imakhala yapulasitiki, ndipo ana okulirapo akamakankha kagalimotoko mokakamiza batire litatha, mano ake amathothoka. Muwauze zimenezi ana a oyandikana nawo tsiku loyamba lomwe, pakuti adzabwera ndithu.

Wamagetsi wa ku Zomba:

Zimene anena amakanikowa ndikugwirizana nazo, koma batire la galimotolo, bambo, ndikupemphani kuti mulisiye. Limalemera makilogalamu oposa 10, lili ndi asidi wamadzi amene angatayikire mwana m'miyendo kagalimotoko katagubuduka, ndipo mawaya ake awiri atakhudzana limatulutsa ma amp mazanamazana, okwanira kufiiritsa waya ndi kuyatsa moto pansi pa mpando umene mwana wakhalapo. Funani batire lomata, losatayikira, la 12V 7Ah, longa limene limakhala mu UPS ya kompyuta kapena mu alamu, lomwe limalemera makilogalamu 2 ndi pang'ono. Mota ikamakoka ma amp 5 kapena 6, batire lotere lidzayendetsa mwana kwa theka la ola mosalekeza lisanafike poti litchajidwe, ndipo ngati mukufuna nthawi yotalikirapo, la 12Ah likadali lopepuka.

Chinthu choyamba pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi batire, chikhale fyuzi ya 15A yonga ya m'galimoto. Fyuzi imateteza waya yekhayo amene ali kutsogolo kwake, choncho mukaiika kutali, chigawo cha pakati pa batire ndi fyuziyo chimakhala chosatetezeka. Mawaya akhale ofewa, a 2.5 mm², odutsa m'paipi yapulasitiki pamalo onse amene angakhulane ndi chitsulo. Swichi yopondera ikhale yobwerera yokha phazi likachoka, ndipo isanyamule magetsi onse a mota. Iziyatsa relay ya galimoto ya 30A, yomwe ndi swichi yoyatsidwa ndi magetsi ochepa, ndipo relay ndiyo izinyamula magetsi a motawo. Kubwerera m'mbuyo kumachitika potembenuza mawaya awiri opita ku mota pogwiritsa ntchito swichi ya miyendo 6 imene amaitcha DPDT, ndipo mwana aphunzire kuisintha kagalimoto kataima.

Pamenepa pali msampha umene ndikufuna muusamale. Pa mamota ambiri a waipa, mbali ya negetivu imalumikizidwa ku chitsulo cha mota yomweyo, popeza pa galimoto bodi yonse ndi negetivu. Mukatembenuza mawaya kuti mubwerere m'mbuyo, chitsulocho chimasanduka pozetivu, ndipo ngati negetivu ya batire yakhudzanso fulemu penapake, fyuzi idzapsa nthawi yomweyo. Yezani ndi mita yoyezera magetsi kuti mudziwe mmene mota yanu ilili, ndipo musagwiritse ntchito fulemu ngati njira ya magetsi. Chilichonse chikhale ndi mawaya ake awiri. Mawaya otsala, amene ntchito yake inali yobwezera waipa pamalo pake, muwamate ndi tepi aliyense payekha.

Mukapeza PWM controller, chipangizo chochepetsa kapena kuwonjezera liwiro la mota, ya 12V yokwanitsa 20A, muiike, ndipo kabatani kake kosinthira liwiro mukabise pansi pa mpando kuti muzisintha ndinu. Potchaja, batire lomatali silifuna tchaja yaikulu ya m'galaji. La 7Ah lisalandire magetsi oposa 2A, ndipo ngati mukutchajira pa sola, pakati pakhale charge controller, chipangizo choletsa batire kudzaza mopitirira muyeso. Batire lodzaza likapuma limaonetsa pafupifupi 12.7V, ndipo likatsika kufika pa 12.1V ndiye kuti latha theka, muyenera kulitchaja tsiku lomwelo, chifukwa mabatire a mtovu akakhala masiku atatheratu amafa msanga. Mabatire a lithium ochotsedwa m'malaputopu akale musawaganizire n'komwe pa chinthu chokwera mwana, pokhapokha mutakhala ndi BMS yodalirika, chipangizo choteteza mabatirewo potchaja ndi pogwira ntchito, ndiponso luso lowayeza limodzilimodzi.

Mmalawi wa ku Johannesburg:

Achimwene, ine ndikuona kuti liwiro limenelo ndi lochepa, ndipo mwanayo akadzafika zaka 6 adzatopa nako. Bwanji osagwiritsa ntchito drilo yakale ya batire ya 18V? Imakhala ndi magiya ake, pakamwa pake pamagwira chitsulo popanda kuwotcherera, ndipo potsina pake pamasintha liwiro ndi kubwerera m'mbuyo. Za batire la 7Ah amagetsiwa anena zoona. Kuno limapezeka paliponse chifukwa ndi limene limakhala m'mamota otsegulira mageti.

Makaniko wa ku Biwi:

Drilo imagwira ntchito, achimwene, koma tiyeni tiwerengere. Madrilo ambiri pa giya yoyamba amafika maulendo pafupifupi 400 pa mphindi, ndipo pa tayala la masentimita 30 limenelo ndi liwiro loposa makilomita 22 pa ola, lomwe ndi la njinga ya munthu wamkulu pamsewu wa tala. Pangafunike magiya ena ochepetsa liwirolo maulendo 6, apo ayi mwana avulala. Komanso drilo inapangidwa kuti izigwira ntchito pang'ono n'kupuma, ndipo ikamakoka katundu mosalekeza potsina pake ndi pamene pamayamba kupsa. Mwanayo akadzakula, bambo ake adzangosintha giya ya pa tayala.

Mphunzitsi wa mkombaphala wa ku Chilomoni:

Abambo inu mwafotokoza bwino za mota ndi batire, koma ndiloleni ndinenepo za mwanayo, popeza ana a msinkhu umenewu ndimakhala nawo tsiku lililonse. Mwana wa zaka 4 amayang'ana kumene kuli phokoso, osati kumene akupita, ndipo akachita mantha nthawi zambiri amaponda molimba m'malo mochotsa phazi. Pachifukwa chimenechi kumbuyo kwa mpando kukhale swichi yaikulu yoti munthu wamkulu azimitse zonse ndi dzanja limodzi, ndiponso chogwirira cholimba. Tcheni ndi magiya ake zitsekeredwe mbali zonse, ndipo masipoko a matayala aphimbidwe ndi thabwa lopyapyala, chifukwa zala, zingwe za nsapato ndi nsonga ya diresi zimalowa pamalo amene wamkulu sangaganizire. Batire likhale m'bokosi lotseka ndi bawuti, lokhala ndi timabowo tolowetsa mpweya.

Musamalenso za penti. Mapenti ena amafuta, makamaka achikasu ndi ofiira, amakhala ndi mtovu, ndipo bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wosavulaza mwana. Ana amanyambita chiwongolero ndi kuika zala m'kamwa, choncho funani penti yolembedwa kuti ilibe mtovu, kapena yosungunula ndi madzi. Ndipo chonde geti lizikhala lotseka nthawi yonse imene akuyendetsa, pakuti woyendetsa minibasi kapena kabaza sangaone kanthu kafupi chotero kakutulukira pakhomo.

Kholo la ku Area 25:

Zikomo kwambiri nonsenu. Batire la galimotolo ndilisiya, ndipo ndifuna lomata la 7Ah pamodzi ndi fyuzi ndi relay. Amayi aphunzitsi, mawu anu ndawasunga onse, makamaka a swichi yakumbuyo ndi a penti. Chatsala ndi chiwongolero: kodi ndingangoika chitsulo chimodzi chonyamula matayala onse akutsogolo, chozungulira pa bawuti imodzi pakati, monga ngolo ya ng'ombe ya matayala anayi?

Makaniko wa ku Biwi:

Njira imeneyo ndi yosavuta kupanga, bambo, koma ndi imene imagubuduza, chifukwa chitsulocho chikakhota kwambiri matayala akutsogolo amalowa pansi pa bodi ndipo mbali yakutsogolo imatsala yopanda chochirikiza. Tayala lililonse likhale ndi bawuti yakeyake yoimirira yozungulirapo, ndi kadzanja kafupi koloza kumbuyo, ndipo timanja tiwirito tilumikizidwe ndi chitsulo chimodzi chimene chiwongolero chizikankha. Timanjato tipendekere pang'ono mkati, ngati tikuloza pakati pa matayala akumbuyo, kuti tayala lamkati lizikhota kwambiri kuposa lakunja. Wotchererani tizitsulo toletsa kuti matayala asakhote kupitirira madigiri 30. M'lifupi, pakati pa matayala pakhale masentimita osachepera 60, mpando ukhale pansi ndithu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo batire likhale pansi pa mpandowo kapena kumbuyo kwake pafupi ndi tayala lokoka, kuti tayalalo lisamaterereke pa dothi. Manati onse a chiwongolero akhale a nayiloni mkati kapena awiriawiri omangana. Mukamaliza, muikemo thumba la mchenga la makilogalamu 20, mukayendetse pabwalo lonselo kwa mphindi 15 mukukhotetsa mbali zonse, kenako mugwire mota ndi mawaya. Ngati zikutentha moti dzanja silingakhalepo, wonjezerani mano a giya ya pa tayala mwana asanakwere.