Za makompyuta a achinyamata kumudzi: tigule anayi kapena tiyambe ndi sola?

Mlembi: Moni nonse a kwathu okhala muno mu Mzuzu. Nkhani imene inatsala pamsonkhano wa ku Katoto uja ndi iyi: m'thumba muli K1,400,000, ndipo achinyamata a kumpingo kumudzi analemba kalata yopempha makompyuta. A Wapampando akuti tigule anayi akaunjika, apatebulo aja. Tikambirane pano mpaka Lamlungu. Mtsogoleri wa achinyamatawo ndamulowetsa m'gulu kuti aziyankha yekha. Mauthenga a "tumizani kwa anthu khumi" adikire kaye chonde.

Wapampando aMwale: Zikomo a Mlembi. Ine ndinanena kale. Ana athu kuno akugwira kompyuta ali ku pulayimale, anzawo ku Ntchisi akumaliza Fomu 4 asanaikhudzepo. Tikayika anayi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ana aziphunzira anayi anayi. Tikapereke pamaso pa abusa ndi a nyakwawa, anthu aone kuti ife a ku Mzuzu sitinaiwale kwathu.

aMbewe a ku Zolozolo: Ndavomera. Koma adziwike amene aziyang'anira zomwe anawo akuonera. Tisatengere zolaula ndi juga m'nyumba ya Mulungu ndi ndalama zathu zomwe.

Mtsogoleri wa achinyamata: Makolo anga, pepani pochedwa kuyankha, netiweki kuno imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu basi. Ndiloleni ndifotokoze za kompyuta imene tili nayo kale. Ilipo imodzi, anatisiyira alendo amene anadzachititsa chitsitsimutso. Ndi ya Windows 7, sikirini yake ndi zija za nkhongo yaikulu. Kutchalitchi kulibe magetsi, mapolo a MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, anathera pamsika, ndiye tikafuna kuyatsa timabwereka jenereta kwa mkulu woonetsa mavidiyo, petulo timagula tokha. Ndalama yake imachokera ku ganyu ya Loweruka m'mawa kwaya isanayambe: kupalira soya, kusoka fodya, chilimwe kuumba njerwa. Tikayatsa imayamba yalira, kenako imati dinani F1. Tsiku ndi chaka zimabwerera kalekale, mukakonza lero mawa zabwereranso. Mwezi watha mlembi wathu, mtsikana wa Fomu 3, anatayipa mayina a onse opita ku msonkhano wa achinyamata, ndi midzi yawo, ndi ufa umene aliyense wasonkha. Amatayipa ndi chala chimodzi, anayamba dzuwa lili paliwombo. Atatsala mayina ochepa jenereta inatsokomola n'kuzima. Zonse zinapita. Anangotenga kope lake n'kutuluka osalankhula, Lamlungu lake sanabwere ku kwaya.

Mtsogoleri wa achinyamata: China, fulashi yathu tinapita nayo kuboma kukapulinta. Pobwera mafayilo onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, mukadina palibe chotseguka. Komanso tikalemba Chichewa, mawu aliwonse imawadula mzere wofiira pansi. Ana amayesa alakwitsa, amafufuta n'kuyambiranso.

Nabanda wa ku Chibavi: Mayo ine. Mwanayo ndi wa ndani, mundiuze kumbali.

aPhiri a ku Luwinga: Mphwanga, zonse wanenazi ndimakonza tsiku ndi tsiku kwa ana a pa Mzuni. Za F1 ndi tsiku kubwerera, ndi kabatire kakang'ono kozungulira kali m'kati mwa bokosimo, kalembedwa CR2032. Katha mphamvu basi, mtengo wake sufika n'komwe pa lita ya petulo. Fulashi ija usaifufute, mafayilo alimo, vairasi inangowabisa. Mizere yofiira ndi chifukwa makinawo akuyesa ukulemba Chingerezi cholakwika, timangozimitsa mbali yoona masipelo.

Koma a Wapampando, ndilankhule mwaulemu. Kompyuta yapatebulo yakale pamodzi ndi sikirini yake imadya mawati 150 kapena kuposa. Anayi ndi 600. Tikati tiwayatse ndi sola, batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200Wh, kutanthauza mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ya asidi ija suyenera kuikama kupitirira theka, ukamapitirira imafa msanga. Ndiye zotsala ndi 600Wh. Makompyuta anu anayiwo ayaka ola limodzi, basi kwada. Laputopu imadya mawati 45 mpaka 65, ndiponso ili ndi batire yakeyake, magetsi akazima ntchito siitayika ngati zinamuchitikira mwana uja. Ndalama tili nazozi zikathera pa mabokosi anayi, ndiye kuti ana aja tawawonjezera ganyu ya petulo kanayi.

Wapampando aMwale: Masamu anu sindikutsutsa aPhiri. Koma laputopu ili ndi miyendo. Yapatebulo munthu sangaipise m'chikwama.

aMbewe a ku Zolozolo: Apo mwalasa a Wapampando. Lero ili kutchalitchi, mawa "yakagona kunyumba kwa akulu a mpingo poopa akuba", mkuja mwana wa pakhomopo wapita nayo kusekondale. Tinaziona ndi njinga ya achigwirizano ija.

Nabanda wa ku Chibavi: Tisanafike pa miyendo, ine ndifunse mwana wathuyu. Kodi kompyutayo mukufuna muzichita nayo chiyani kwenikweni? Usatiyankhe za m'kalata zija, zoti "kupititsa patsogolo luso". Nena zoona.

Mtsogoleri wa achinyamata: Mayi, zoona zake ndi izi. Choyamba ndi mafomu. Amene akhoza MSCE amayenera kufunsira malo a ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndipo pano ndi pa intaneti. Ngongole ya ophunzira nayo chimodzimodzi. Mwana amakwera kabaza kupita kuboma, kukalipira womudzazira, akalakwitsa dzina kubwereranso. Ena amangozisiya. Chachiwiri ndi kupulinta: nyimbo za kwaya, mafunso a kalasi, mavesi oloweza a Sande sukulu, makalata opempha malo ogona tikamapita ku misonkhano. Pano timakopera pamanja, pepala limodzi anthu asanu. Chachitatu ndi chimene sindinalembe m'kalata. Fodya akayamba, anyamata ambiri amapita ku utenanti, ena konkuno ku Mzimba ndi Rumphi, ena akusunga ndalama ya ku Joni. Amene atsala ndimawasunga ndi mpira wachikulunga ndi kwaya basi. Ndikamawauza kuti bwerani Lachitatu tidzaphunzire Mawu, amandifunsa kuti tikamaliza pali chiyani. Ndimafuna ndikhale ndi choyankha.

Za zolaula ndi juga, agogo aMbewe, sindikubisirani: zinafika kale pa mafoni. Anyamata amabetcha mpira wa ku England ali pachulu pomwe ndaima pano. M'chipinda mwathu mwina ndi momwe tingamaone zimene ali pa sikirini.

aMbewe a ku Zolozolo: Hmm. Wayankha bwino mdzukulu. Koma mawu anga akhalebe m'mabuku.

Nabanda wa ku Chibavi: Nanga atsikana? Chifukwa ine ndikuwadziwa anyamata. Mtsikana amafika mochedwa, wayamba kaye watunga madzi, waphika, wasiya mwana wa mayi ake atagona. Akafika apeza anyamata adzaza pa kiyibodi, iye n'kuima kumbuyo kumaonerera. Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma pitani kumudzi mukaone amene akuyimba kwaya atabereka ana kumbuyo. Ngati atsikana sapatsidwa tsiku lawolawo, ine ndalama yanga mundibwezere ndikagulire nsalu za kwaya.

Achimwene a ku Masasa: Pepani kusokoneza. Alipo akupita ku Kasungu Lachisanu? Ndili ndi kathumba ka mpunga wa kilombero kopita kwa mayi.

Mlembi: Achimwene, kumbali chonde.

Nambewe wa ku Chiputula: Ine ndakhala chete kuyambira m'mawa, koma pali chimene nonse mukuchilambalala. Gulu lino si la mpingo. Ine ndine Mkatolika, ndimasonkha mwezi ndi mwezi. Muno muli a Sabata, muli alamu athu Achisilamu, ndipo kumudzi kuli ana a ku dambwe amene makolo awo sapondako kutchalitchi chilichonse. Fomu ya NCHE sifunsa kuti unabatizidwira kuti. Zinthuzi zikalowa m'chipinda cha mpingo umodzi, mwana wa mchemwali wanga adzaloledwa? Kapena adzayamba kaye wafunsidwa ngati analowa kalasi? Bwanji osaziyika kusukulu?

aMbewe a ku Zolozolo: Anapempha ndi achinyamata a mpingo, mayi. Enawo analemba kalata?

Nambewe wa ku Chiputula: Analemba ndi amene ali ndi kompyuta yolembera, bambo.

Aphunzitsi Naphiri: Kkkkk Nambewe. Koma ndinene monga mphunzitsi. Kusukulu ya pulayimale Lachisanu masana akatseka ndiye mpaka Lolemba, tchuthi ndiye mwezi wathunthu, ndipo mphunzitsi wamkulu akasamutsidwa wobwerayo sadziwa kuti katunduyu ndi wa yani. Amene amaliza Fomu 4 sangamalowenso mu ofesi ya pulayimale. Kumpingo kuli anthu sabata yonse, ndipo mnyamatayu waonetsa kuti chinthu chakufa chomwe akuchisamala. Ine ndingati zikhale kumpingo, koma palembedwe pepala loti katunduyu ndi wa gulu lino, wabwerekedwa kwa achinyamata onse a m'mudzi. Asayinire abusa, a nyakwawa ndi ife. Tsiku limene mwana adzabwezedwe pakhomo chifukwa cha chipembedzo, tikatenga.

Mtsogoleri wa achinyamata: Mayi Nambewe, pa mpira timasewera tonse, goloboyi wathu ndi wa kwa Akatolika. Koma sindinganame kuti akulu onse a mpingo adzakondwa. Pepalalo lingandithandize ineyo, chifukwa ine ndekha sindingatsutsane ndi bwalo la akulu. Pempho langa ndi loti lisadzere kwa ine. Mulipereke nokha kwa abusa.

Nambewe wa ku Chiputula: Ngati zili pa pepala, ndipo kiyi wina asunge munthu amene si wa mpingowo, ndavomera. Tsiku la atsikana lisakhale Loweruka, a Sabata angatsale.

aPhiri a ku Luwinga: Za miyendo zija, awotcherera a ku Luwinga kuno angatipangire bokosi lachitsulo lomangirira pansi ndi simenti, maloko awiri. Laputopu, pulinta ndi inveta, kachipangizo kosandutsa moto wa batire kukhala magetsi a pasoketi, zizigona momwemo. Panelo padenga timange ndi felemu, osangoika pamalata. Pulinta musagule ya laser, ija poyamba kutentha imakoka mawati mazanamazana, inveta yaing'ono imangolira n'kuzima. Tigule ya inki yothira m'mathanki, imadya pang'ono kwambiri, koma izipulinta kapepala kamodzi sabata iliyonse kuti inki isaume m'mitu. Chinanso, ogulitsa akaunjika akuuzani kuti "ili ndi Windows". Funsani yanji. Windows 7 Microsoft anasiya kuisamalira mu Januwale 2020, Windows 10 mu Okutobala 2025. Pogula ndikhalepo ine, ndikayese batire ndi kiyibodi batani lililonse. Ndipo muike nsalu yophimbira, fumbi la kwathu mu Okutobala ndi mphemvu zimapha makina kuposa vairasi.

Wapampando aMwale: Ndiye anayi aja afika pa angati?

aPhiri a ku Luwinga: Awiri, sola, pulinta ndi bokosi. Mwina n'kupereweranso pang'ono. Yakale ija ndiikonze ikhale yosungira, iziyaka tsiku lomwe dzuwa lawala bwino.

Wapampando aMwale: Awiri pa gulu lonse lija. Anthu kumudzi adzati a ku Mzuzu abwera ndi tizikwama tiwiri.

Msungichuma: A Wapampando, anene. Ine changa ndi chimodzi: tisachedwe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mukukumbukira kuti simenti ya kasupe uja tinagula matumba ochepa kuposa omwe tinawerengera, chifukwa tinakhalira kukangana. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Chachiwiri, sindilola kuti ndalama zonse zituluke. K150,000 itsale ya inki, mapepala ndi kukonzetsa. Batire ya asidi ikatha zaka ziwiri kapena zitatu idzafuna ina, ndipo ndikufuna ndimve kuti idzagulidwa ndi ndani.

Mtsogoleri wa achinyamata: Tingamapulinte mapulogalamu a ukwati ndi a ziliza, ndi makalata a mafumu, pamtengo wotsika kuposa wa kuboma. Mafomu a sukulu akhale aulere. Tingathenso kumatchaja mafoni.

aPhiri a ku Luwinga: Mafoni ayi mphwanga. Mukangoyamba, mudzi wonse ubwera, kenako wina abweretsa wailesi, wina makina ometera, batire ifa mvula isanagwe.

Nabanda wa ku Chibavi: Koma mafoni ndiye muli ndalama, alamu. Pamsika anthu akulipira tsiku lililonse.

aPhiri a ku Luwinga: Akapeza phindu la kupulinta agule kapanelo kena ka mafoni okha. Pa batire iyi ayi.

Aphunzitsi Naphiri: Tchuthi chikubwerachi ine ndikhala kumudzi masabata awiri. Ndiphunzitsa anayi, atsikana awiri anyamata awiri, kuti iwo aziphunzitsa anzawo. Mtsikana wa mayina uja akhalepo.

Wapampando aMwale: Chabwino, ochuluka apambana. Koma mwambo wopereka uchitike, a nyakwawa akhalepo pomwe pepalalo likuwerengedwa, onse amve ndi makutu awo.

Msungichuma: Mwambo uchitike, koma zakumwa ndi thiransipoti aliyense za m'thumba mwake.

Mlembi: Ndalemba motere: laputopu ziwiri, sola, pulinta ya inki, bokosi la maloko awiri. Atsikana Lachitatu masana. Pepala alemba Aphunzitsi, Nambewe aliwerenge lisanapite. Za mafoni sitinagwirizane, zibwera pamsonkhano wamawa. aPhiri abweretse mitengo ya masitolo atatu pofika Lachinayi. Katundu adzayenda ndi munthu, osati kungopatsira kondakitala: M1 mpaka Kasungu, kenako msewu wa ku Nkhotakota kukatsikira pa Malomo. Achimwene a ku Masasa, popeza muli ndi mpunga wopita komweko, mwina munthuyo ndinu.

Achimwene a ku Masasa: Ngati thiransipoti ndi ya gulu, ndine.

Msungichuma: Ya inu nokha, mpunga mulipirira. Ndipo amene simunasonkhe miyezi iwiri yapitayi mukudzidziwa, nambala ya Mpamba ndi ya Airtel Money sizinasinthe. Lachinayi ndiyika mayina pano.