Masheya a masitolo akuluakulu: mizere ya pa till ija ndi phindu kapena ndi maso chabe?

Aphunzitsi_a_Chibavi:

Moni nonse. Ine ndine mayi, mphunzitsi wa pulayimale, ndinapuma ntchito chaka chatha nditagwira choko zaka 31. Ndalama za penshoni zitabwera ndinamaliza kaye denga la nyumba yanga ku Chibavi, ku Mzuzu, ndinalipira fizi ya mtsikana wanga wotsiriza ku Mzuni, ndipo zatsala K4 miliyoni. Zili ku banki, koma zikusungunuka ngati mchere wogwera m'madzi, chifukwa chiwongoladzanja chake sichikuthamanga mofanana ndi mitengo ya zinthu.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndinaima pa mzere m'sitolo yaikulu ija ya m'tauni, ija timangoti pa Shoprite, pafupifupi mphindi 40. M'dengu munali shuga, mafuta ophikira a malita awiri, sopo ndi buledi, basi. Ndili chiimire ndinayamba kuwerenga mitu ya anthu, si mukudziwa matenda a uphunzitsi. Aliyense akung'ung'udza, koma aliyense akulipira. Munthu atha kusiya mowa, atha kuyenda ndi nsapato yong'ambika, koma mchere ndi sopo sangasiye. Ndiye maganizo anandibwerera akuti, m'malo mongolira kutsogolo kwa till, bwanji nanenso ndikhale ndi kagawo kumbuyo kwake?

Mwana wa mchemwali wanga anandiseka, akuti masitolo otere akulimbana okhaokha potsitsa mitengo ndipo phindu lawo ndi lopyapyala. Sindinamukhulupirire kwenikweni, iyeyu ndi uja anandilangiza za nkhuku zomwe zinatha ndi chitopa. Ndiye ndifunse inu: masheya a masitolo amenewa amagulidwa kuti? Ndipo zinthu zikamakwera mtengo chonchi, phindu la mwini sitolo silikwera nalo?

Golosale_ya_Luwinga:

Amama, funso lachiwirilo ndiyankhe ine, chifukwa ndakhala kuseri kwa kauntala zaka 12. Zinthu zikakwera, ndalama m'kabati zimachuluka, koma katundu pa shelefu amachepa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndinali ndi makatoni a mafuta ophikira omwe ndinaoda pa mtengo wakale. Ndinakwezako pang'ono, anatha masiku atatu, ndinagona ndikumwetulira. Nditapita kukaoda ena, ndalama zonse zija, mpamba ndi phindu pamodzi, sizinakwane makatoni omwe ndinali nawo poyamba. M'buku munalembedwa phindu, pa shelefu panali mpata. Sitolo yaikulu imakumana ndi zomwezo, kungoti iyo ili ndi lendi, mafiriji, jenereta ya dizilo magetsi akathima ndi antchito ambirimbiri pamwamba pake.

China, n'zoona munthu sasiya sopo, koma amasintha kagulidwe. Amene ankagula botolo la malita awiri pano akugula mafuta oyeza a m'timachubu. Amene ankatenga sopo wa fungo akudulitsa wa mtanda. Ena angotembenukira ku msika wa Taifa kumene kuli katundu wolowera ku Songwe, ena ku Zigwagwa, ena ayerekeza kaye mtengo wa ku Chipiku ndi wa ku Sana asanatulutse ndalama. Ine ndikakweza shuga ndi K100 yokha kuposa mnzanga wa kutsidya kwa msewu, makasitomala anga amandipatsa moni akudutsa.

Ndipo mzere wautali uja musautenge ngati umboni. Nthawi zambiri umabwera tsiku lomwe kwafika shuga kapena kuli pulomoshoni, katundu yemwe sitolo imagulitsa pafupifupi pa mtengo woodera pofuna kukukokerani mkati kuti mwina mutolenso bisiketi ndi juwisi. Inu munatola? Mwanena nokha kuti m'dengu munali zinthu zinayi.

Wamasheya_Katoto:

Aphunzitsi, ine ndinayamba kugula masheya mu 2020, nthawi yomwe Airtel Malawi ndi FDH Bank zinalowa pa msika, ndiye ndikuuzeni zomwe ndikudziwa. Pa Malawi Stock Exchange, ku Blantyre, palibe kampani ya masitolo a zakudya. Pali mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, pali Airtel ndi TNM, Illovo, NICO, Sunbird, Blantyre Hotels, MPICO, ICON Properties, Press Corporation ndi ena ochepa. Chipiku ndi Sana ndi za eni ake, sizigulitsa masheya kwa anthu wamba ngati inu ndi ine.

Kale njira inalipo, ya kuseri. Wogula masheya a Press Corporation ankakhalanso mwini wa PTC, ija ya masitolo a Peoples, omwe anali pafupifupi pa boma lililonse. Ndani mwa ife sanagulepo buledi ku PTC ali mwana? Koma PTC inakhala ikuluza zaka zotsatizana, ngongole kwa operekera katundu zikuunjikana, mashelefu akuyera, mpaka Press inaigulitsa mu 2022 ndipo posakhalitsa masitolo anatsekedwa. Zaka zonsezo Amalawi sanasiye kudya. Ankangogula kwina.

Masheya a Shoprite ali pa msika wa ku Johannesburg, komanso amapezeka pa wa ku Lusaka ndi wa ku Namibia. Kuti mugule mukufunika ndalama zakunja ndi chilolezo chotulutsira ndalama m'dziko, zomwe zimadutsa ku Reserve Bank. Pamene oitanitsa mankhwala ndi feteleza akudikira madola ku banki miyezi, sindikuona K4 miliyoni ya masheya ikupatsidwa mpata. Ndipo ngakhale mutagula, simukugula mzere wa ku Mzuzu uja. Ndalama zambiri za kampaniyi zimachokera ku South Africa, ku masitolo a Shoprite, Checkers ndi Usave. Kunja kwa kwawo yakhala ikulongedza: inachoka ku Kenya, ku Nigeria, ku Uganda, ku Madagascar, ndipo mu 2025 inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a ku Malawi kuno, pamodzi ndi a ku Ghana. Chifukwa chake si chovuta kumva. Inkagulitsa m'makwacha koma n'kumawerengera phindu m'marandi, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 isanagwenso mu 2023 muja. Phindu lomwe wapeza ukalephera kulitumiza kwanu msanga, limafota lili m'manja.

Za mpikisano, mwana wa mchemwali wanu uja pano sanaphonye. Onani Pick n Pay ya ku South Africa komweko. Masitolo ake akuluakulu anayamba kuluza, mu 2024 eni masheya sanalandire dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni ake, m'malo mwake anapemphedwa kuthiramo ndalama zina zokwana R4 biliyoni. Chomwe chinaipulumutsa ndi mwana wake Boxer, sitolo ya mitengo yotsika ya m'makomboni ndi m'matauni ang'onoang'ono, yomwe anaiika payokha pa msika wa masheya mu Novembala 2024. Dziko limodzi, ogula omwewo, mitengo ikukwera mofanana, koma wina akulira wina akukula.

Mukafunadi kudya nawo pa dengu lanu lija, yang'anani amene amapanga katunduyo kapena mwini nyumba yomwe sitolo ikuchita lendi. Shuga uja ndi wa Illovo. Gateway Mall ya ku Lilongwe ndi ya MPICO. Sindikuti thamangani mukagule, nawonso ali ndi mavuto awo, nzimbe zimadalira nyengo ndipo alendi ena salipira pa nthawi. Kugula kwake mumadzera kwa broker, kampani yokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Amafuna chiphaso cha unzika ndi akaunti ya ku banki, ndipo mafomu mutha kutumiza muli konkuno. Dividendi imadulidwa msonkho isanakufikeni. Chomwe chinandidzidzimutsa ine ndi chakuti masheya ena ukafuna kugulitsa umadikira wogula, si ngati kutapa ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money.

Nesi_wa_ku_Leeds:

Monire amama. Ine kwathu ndi ku Mchengautuwa, koma ndikugwira ntchito ku England. Kuno nkhondo imeneyi ndimaiona sabata iliyonse. Aldi ndi Lidl, masitolo ochokera ku Germany, amasunga mitundu yochepa ya katundu, wambiri wa dzina lawolawo, amamusiya m'makatoni momwemo, antchito ochepa, mitengo pansi. Zinthu zitakwera kwambiri mu 2022, anthu amene kale ankachita manyazi kulowamo anayamba kudzaza matrole, mpaka Aldi inapitirira Morrisons n'kukhala yachinayi pa kukula. Tesco, yomwe ndi yaikulu kuposa onse, pano imachita kulemba pa shelefu kuti mtengo uwu tafananitsa ndi wa Aldi. Pa paundi iliyonse yomwe mwalipira pa till, chotsala ngati phindu ndi mapeni atatu kapena anayi.

Tesco yomweyo mu 2014 inapezeka kuti inakuza phindu m'mabuku ndi ndalama zoposa £250 miliyoni, ndipo chaka chotsatira inalengeza kuluza £6.4 biliyoni. Warren Buffett, katswiri uja wa masheya wa ku America, anali nawo masheya ake ndipo anavomera poyera kuti analakwitsa kwambiri. Pambuyo pake kampaniyo inadzuka, koma amene anafuna ndalama zake pa nthawiyo anagulitsa motaya. Choseketsa n'chakuti Aldi ndi Lidl, amene akuvutitsa anzawowa, ndi a mabanja, masheya awo sali pa msika uliwonse. Ndiye ngakhale ine ndili kuno ndi mapaundi m'manja, wopambanayo sindingamugule.

Aphunzitsi_a_Chibavi:

Yewo chomene nonse. A ku Luwinga mwandigwira, bisiketi sindinatole, ndipo tomato ndi usipa ndinakagula ku msika ndikubwerera. Nkhani ya PTC yandikhudza, chifukwa malipiro anga oyamba ndinakagulira ketulo kumeneko, ndipo ilipobe, sitolo ndiyo kulibe.

Za ku Johannesburg ndazisiya, sindikufuna kukathera nsapato ku banki kupempha marandi. Ndaganiza zopatula K1 miliyoni yokha, yomwe ndingathe kuiwala zaka zisanu, ndipo ndilembera broker Lolemba. Zotsalazo ndikafunsa kaye ku banki za ma treasury bill, aja okongoza boma ndalama kwa kanthawi, ndinamva kuti chiwongoladzanja chake chimaposa cha akaunti yangayi. Koma a ku Katoto, ndithandizeni apa: malipoti a pachaka a Illovo ndingawapeze pa intaneti, ndipo ndikawatsegula ndiyambire tsamba liti? Masamu a sitandade 7 ndimawatha, koma mabuku a kampani sindinawaonepo.

Wamasheya_Katoto:

Alipo pa webusaiti ya kampaniyo, ndipo chidule chake amasindikizanso m'nyuzipepala za Nation ndi Daily Times. Musayambire pa ndalama zonse zomwe agulitsa, chifukwa zimenezo zimakwera zokha mitengo ikakwera, monga anenera a golosale. Yambani ndi matani a shuga omwe apanga ndi kugulitsa, muyerekeze ndi a chaka chapitacho. Kenako phindu atachotsa msonkho, ngongole zomwe ali nazo makamaka za m'madola, ndi dividendi ya pa sheya imodzi, muigawe ndi mtengo wa sheyayo lero. Mukapeza nambalayo bwerani nayo pano, tiiyike pambali pa chiwongoladzanja chomwe akakuuzeni ku banki.

Golosale_ya_Luwinga:

Ndipo ikatsalako ina, amama, ine ndikufuna firiji yachiwiri. Dividendi yake ndi fanta wozizira mukamadutsa.